Telala amene anabwera kudzafuna magalasi: diso, impso ndi mitsempha mwa wodwala shuga mmodzi

Bambo wa zaka 56, telala wa pakhonde la sitolo ina pamsika wa paboma, anabwera kuchipinda chathu cha maso Lachiwiri lina m'mawa ndi pempho limodzi lokha: magalasi amphamvu kuposa amene anali nawo. Kwa miyezi inayi ulusi unkawakana kulowa pasingano, ndipo mzere wa choko pansalu yakuda unkawasowa. Anabwera ndi mayi akunyumba kwawo. Ine ndine kiliniko ofesa wa maso pachipatala cha paboma, ndipo bambowa ndawatsatira kwa miyezi 20. Avomera kuti nkhani yawo ilembedwe popanda dzina, kuti ithandize anzanga a m'zipinda za maso, a kukiliniki ya shuga ndi a ku ART, kolandirira ma ARV.

Matenda a shuga a mtundu wachiwiri anawapeza nawo zaka 11 zapitazo. Ankamwa metformin 1 g kawiri pa tsiku ndi glibenclamide 10 mg m'mawa, 5 mg madzulo. Pa BP ankamwa hydrochlorothiazide 25 mg yekha. Anali pa ma ARV kwa zaka 9, ndipo pa nthawiyo anali pa 13A, kutanthauza tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir. Fodya sanasutepo, mowa anasiya kalekale.

Diso lamanja linkaona 6/18, lamanzere 6/36 (diso labwino limaona 6/6, ndipo nambala yachiwiriyo ikamakula ndiye kuti kuona kukuchepa). Atasuzumira pakabowo ka pinhole sipanasinthe kanthu, ndipo nkhani ya magalasi inathera pomwepo, chifukwa vuto lofuna magalasi limachepa munthu akayang'ana pakabowo. Mphamvu ya madzi a m'diso inali 16 ndi 17 mmHg. Ng'ala inali itangoyamba kumene, yosakwana kuchititsa kusaona kotere. Pa iris, mbali yozungulira mwana wa diso, panalibe timitsempha tachilendo. Ndinawadontheza tropicamide, mankhwala okulitsa mwana wa diso, n'kuwapempha kuti adikire pabenchi mphindi 30.

Zimene zinali m'buku

Podikira kuti mwana wa diso akule, ndinatenga buku lawo lakuchipatala n'kuyamba kuliwerenga kuchokera patsamba loyamba, zimene sitichita kawirikawiri mzere ukatalika. Ndinapezamo zinthu zitatu.

Choyamba chinali dzanja langa lomwe. Zaka zitatu m'mbuyomo bambowa anakhalapo pampando womwewu. Ndinalemba kuti ndi vuto la ukalamba la kuwerenga, ndinawapatsa magalasi a +2.00, n'kuwatulutsa. Sindinawadontheze mankhwala, sindinayang'ane kumbuyo kwa diso, ngakhale kuti tsamba loyandikana nalo linali ndi mawu akuti DM, kutanthauza matenda a shuga, olembedwa ndi zilembo zazikulu. Tsikulo sindikulikumbukira, koma zolembazo ndi zanga, ndipo zaka zitatu zimenezo ndi zimene diso lamanzere linataya.

Chachiwiri, m'zaka 11 zonsezo munalibe paliponse pamene mkodzo unayezedwa, ndipo creatinine, amene timayeza m'magazi kuti tione momwe impso zikugwirira ntchito, analembedwa kamodzi kokha, pamene ankayamba ma ARV.

Chachitatu ndi chimene chinandiimitsa mutu. Kwa zaka zambiri shuga wawo wa m'mawa asanadye ankakhala pakati pa 240 ndi 310 mg/dL. Koma m'miyezi isanu ndi umodzi yomaliza anatsika yekha kufika pa 105, 118, 96, popanda mankhwala kusinthidwa, ndipo pambali pake panalembedwa kuti shuga ali bwino, apitirize chimodzimodzi. Nditawafunsa, nkhope yawo inawala. "Adokotala, shugayo ndiye anatha. Pali mankhwala achikuda amene ndakhala ndikumwa, andithandiza kwambiri." Mayi aja anayang'ana pansi kaye, kenako anati: "Koma adokotala, kawiri konse ndawapeza usiku ali thukuta kamukamu, akuyankhula zosamveka. Ndimachita kuwamwetsa madzi a shuga ndi sipuni."

Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Shuga amene wakhala akuvuta kwa zaka khumi sadzikonza yekha. Akatsika popanda chifukwa, funso loyamba likhale la impso. Impso zikafooka zimachedwa kuchotsa insulin m'magazi, zimachepetsa shuga amene izo zomwe zimapanga, ndipo zotsalira za glibenclamide, zomwe zimakhala zikadali ndi mphamvu, zimaunjikana m'thupi. Munthu amasiyanso kudya bwino. Manambala amakongola pamene thupi likuwonongeka.

Nditayang'ana ndi slit lamp, makina ounikira m'diso, ndi lens ya 90D, diso lamanja linali ndi timadontho ta magazi mbali zonse zinayi za retina (kansalu ka kumbuyo kwa diso kolandira kuwala), ma microaneurysm (timatuza ta pa timitsempha) ambirimbiri, mitsempha yobweza magazi yotupa ngati mikanda mbali ziwiri, ndi timawanga toyera ngati thonje. Malinga ndi lamulo la 4-2-1 loyezera kukula kwa matendawa, iyi inali severe non-proliferative retinopathy, kutanthauza kuti shuga wawononga kwambiri retina koma timitsempha tatsopano sitinamere. Diso lamanzere linali litapitirira pamenepo: pa disc, pamene mtsempha waukulu wa kuona umalumikizana ndi diso, panali ukonde wa timitsempha tatsopano wokula kuposa gawo limodzi mwa magawo atatu a disc, kadontho ka magazi kutsogolo kwa retina chakumunsi, ndi mafuta achikasu atazungulira macula, pakati pa retina pamene timaonera zinthu zing'onozing'ono, ndipo inali yotupa. Iyi inali proliferative retinopathy, yomeretsa timitsempha tatsopano, ya chiopsezo chachikulu.

Chifukwa chake sindinangolemba kalata ya laser

Mwachizolowezi ndikanalemba kalata yowatumiza kuchipatala chachikulu kukawotchedwa retina ndi laser, kuwala kwamphamvu kofotetsa timitsempha tatsopanoto, n'kuitana wotsatira. Chimene chinandiletsa ndi kudziwa kuti timitsempha timene ndinali nditangoona siti ta diso lokha. Magazi amene anawononga retina ndi omwewo amene akhala akudutsa m'timasefa ta impso, m'mitsempha ya kumapazi, ya mumtima ndi ya muubongo kwa zaka 11. Kusiyana kwake n'kwakuti m'diso timatha kutiona ndi nyali, pamene kwinako timadikira kuti chiwalo chidandaule.

Kawonongekedwe kake n'kofanana. Mu retina, shuga wokwera amapha ma pericyte, timaselo togwirizira khoma la kamtsempha; khomalo limakhuthala koma limadontha, timitsempha tina timatsekeka, ndipo retina yosowa mpweya imatulutsa VEGF, amene amameretsa timitsempha tatsopano tosalimba. Mu impso, khoma la glomerulus, kasefa ka impso, limakhuthala chimodzimodzi, ma podocyte, timaselo tokuta kasefako, amatha, albumin, protein wa m'magazi, amayamba kudontha kulowa mumkodzo, ndipo pomaliza pamakhala timibulu timene madokotala awiri, Kimmelstiel ndi Wilson, anafotokoza mu 1936. Mu 1989 madokotala a pachipatala cha matenda a shuga cha Steno ku Denmark anapereka ganizo lakuti albumin mumkodzo ndi chizindikiro chakuti khoma la mitsempha lawonongeka thupi lonse, ndiye chifukwa chake odwala otere amafa ndi mtima ndi sitiroko kuposa anzawo. Ndipo ziwalozi zimapwetekana zokhazokha: impso zofooka zimakweza BP, zimasunga madzi, zimachepetsa magazi, ndipo zitatu zonsezi zimaonjezera kutupa kwa macula ndi kusowa mpweya kwa retina.

Kwathu kuno nkhaniyi si yachilendo. Kafukufuku amene anachitika m'makiliniki a shuga a pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi cha Zomba Central, wofalitsidwa mu 2014, anaunika anthu 357. Pafupifupi theka anali ndi retinopathy, ndipo pafupifupi atatu mwa khumi alionse anali ndi retinopathy yoopseza kuona. Mwa zinthu zimene zinkayendera limodzi ndi retinopathy yoopsayo munali BP yokwera ndi magazi ochepa. Bambo amene anali patsogolo pangawa ankaoneka kuti ali nazo zonse ziwiri.

Ndinabwereka makina a BP kuchipinda choyandikana nacho: 178/104, ndipo patatha mphindi khumi 174/102. Zikope zinali zotuwa. Akakolo anali otupa, chala chinkasiya dzenje. Nditafunsa za mkodzo anati umachita thovu ngati wathiridwa sopo, ndipo amadzuka kanayi usiku. Ndinawapempha kuti avule nsapato. Monofilament ya 10 g, kaulusi kolimba koyezera ngati phazi likumva, sanaimve malo asanu ndi limodzi mwa malo khumi kuphazi lamanzere, anayi kulamanja. Kugunda kwa mtsempha wa pamwamba pa phazi lamanzere sikunamveke, ndipo phazilo linali lozizira kuposa linzake. Apa ndi pamene anaulula chinthu chimene sankachiyesa matenda: akapalasa makina osokera kwa mphindi zingapo, katumba wa mwendo wamanzere ankawawa mpaka kuima, akapuma ululu n'kutha. Pofuna kuti amalize mayunifolomu a ana asukulu, kwa chaka chathunthu ankagula diclofenac kapena brufen n'kumamwa pafupifupi tsiku lililonse.

Ndinatseka chipinda kwa mphindi 15 n'kuwaperekeza ndekha kukiliniki ya NCD, ya matenda osapatsirana monga shuga ndi BP. Ndikanawapatsa kalata, ndikudziwa kuti akanabwera tsiku lawo la shuga, mwezi wotsatira.

Zotsatira zinatuluka tsiku lomwelo ndi mawa lake. Mkodzo: protein 3+, magazi palibe, shuga palibe, mazira a likodzo sanaoneke. Creatinine 2.6 mg/dL, kutanthauza kuti eGFR, nambala yoonetsa mphamvu ya impso yosefera magazi, inali yatsika kwambiri kufika pafupifupi 28. Potassium 4.8. Haemoglobin 9.4 g/dL. Viral load yomaliza inali yosaoneka. Pa ultrasound impso zonse ziwiri zinali za msinkhu wabwino, pafupifupi masentimita 11, zosatupa ndi mkodzo wobwerera. ECG inaonetsa kuti mnofu wa mtima wakumanzere wakhuthala.

Kodi impsozi zawonongeka ndi chiyani?

Funsoli tinakhalira pansi atatu: ine, mnzanga wa ku NCD ndi mnzanga wa ku ART. Zoganizira zinalipo zambiri: shuga, BP, HIV yeniyeniyo, tenofovir, diclofenac, mankhwala achikuda amene sitinkadziwa zimene zinali m'kati mwake, ndi likodzo. Biopsy, kutenga kachidutswa ka impso kuti kakayezedwe, inali kutali ndi ife.

Apa diso linatithandiza kuweruza. Mwa wodwala shuga wa mtundu wachiwiri amene ali ndi protein wambiri mumkodzo, kupezeka kwa retinopathy, makamaka ya proliferative, kumalimbikitsa kwambiri ganizo lakuti impso zawonongeka ndi shuga. Kumbali inayo nakonso n'kofunika kukumbukira: munthu wa protein 3+ amene retina yake ili yoyera, kapena mkodzo wake uli ndi magazi, kapena creatinine wake wakwera mofulumira m'masabata ochepa, musathamangire kunena kuti ndi shuga, funani china. Kwa bambowa, zaka 11 za shuga wokwera, retinopathy yoopsa, dzanzi kumapazi, mkodzo wopanda magazi ndi impso zosafota zonse zinkaloza kumodzi. Kachilombo kanali kataponderezedwa kwa zaka, choncho HIVAN, matenda a impso oyamba ndi HIV, inali yokayikitsa. Tenofovir akawononga timachubu ta impso, shuga amatha kuoneka mumkodzo ngakhale m'magazi ali bwino, ndipo pano sanaoneke. Tinagwirizana kuti tsinde la vuto ndi shuga ndi BP, koma tenofovir ndi diclofenac ndi katundu woonjezera pamutu wa munthu wotopa kale, ndipo katundu ameneyo tikanatha kumutula.

Metformin tinaimitsa tsiku lomwelo. Pa eGFR yochepera 30 sayenera kumwedwa, ndipo kwa bambowa panali chifukwa china chimene ambiri timaiwala: dolutegravir amakweza metformin m'magazi, kotero kuti munthu wa pa 13A sayenera kupitirira 1 g pa tsiku. Iwo ankamwa kuwirikiza kawiri. Glibenclamide nayenso tinachotsa chifukwa cha kukomoka kwa usiku kuja. Patatha masiku asanu shuga anakwera kufika pa 230, ndipo tinayamba insulin ya NPH mayunitsi 8 madzulo. Popeza bambowa sankaona timizere ta pasirinji, tinaphunzitsa mayi. Kunyumba kulibe firiji, choncho botolo amasunga mumtsuko wadothi wa mchenga wonyowa. Sitinafune kutsitsa shuga mwaliwiro. Kafukufuku wamkulu wa odwala shuga wotchedwa DCCT anaonetsa kuti shuga akatsitsidwa mwadzidzidzi, retinopathy imene ilipo kale imatha kuyamba yakula kaye, ndipo diso limene silinawotchedwe ndi laser silikanapirira zimenezo.

Pa ma ARV panali povuta kusankha. 14A ili ndi zidovudine, amene amachepetsa magazi, ndipo haemoglobin inali kale pa 9.4. 15A ili ndi abacavir, amene kafukufuku wina anamugwirizanitsa ndi matenda a mtima, ndipo munthu wathu mitsempha yake inali yodwala kale. Tinasankha 15A, poona kuti kuopsa kwa tenofovir ku impso ndi kwa zidovudine ku magazi kunali pafupi komanso kotsimikizika. Tisanachotse tenofovir tinayeza hepatitis B, chifukwa kumuchotsa mwa munthu amene ali nayo kungadzutse matenda a chiwindi. Analibe.

Pa BP tinachotsa hydrochlorothiazide, amene mphamvu yake imachepa impso zikafika apa, n'kuyamba furosemide 40 mg, amlodipine 5 mg ndi enalapril 2.5 mg. Mnzanga wina anaopa enalapril poona creatinine. Mantha amenewa ndimawamva kawirikawiri, ndipo amamana odwala mankhwala amene amatetezadi impso zotaya protein. Chofunika ndi kuyezanso pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, n'kulola creatinine kukwera mpaka 30 peresenti bola potassium akhale bwino. Tinaonjezera atorvastatin ndi aspirin 75 mg chifukwa cha mitsempha ya mwendo. Mankhwala a SGLT2, amene kafukufuku wa DAPA-CKD mu 2020 anaonetsa kuti amachedwetsa kuwonongeka kwa impso ndipo WHO inawaika pamndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2021, akanawayenera. Kufamase kwathu kunalibe, ndipo banjali silikanakwanitsa kugula mwezi ndi mwezi.

Za kadyedwe ndinayankhula ndi mayi, popeza ndiwo amagwira mthiko. Mchere achepetse, nsomba zouma zamchere azizinyika kaye, ndipo chidulo asiyiretu, chifukwa madzi a phulusa ali ndi potassium wambiri. Za mankhwala achikuda sindinawanyoze. Ndinangowafotokozera bambowo kuti chimene chinatsitsa shuga ndi impso zotopa, ndipo chilichonse chimene sitikuchidziwa chiyenera kudutsa mu impso zomwezo. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Ndiye kuti ndimasangalalira matenda."

Patatha masabata awiri creatinine anali 2.5 ndipo potassium 5.0. Pa miyezi itatu, enalapril atafika pa 10 mg, creatinine anali 2.4, eGFR pafupifupi 31. Kukhalitsa kwa manambalawa kwa miyezi itatu kunatsimikiza kuti ndi matenda a impso okhazikika.

Masabata asanu ndi awiri amene tinataya

Laser ndinawakonzera kuti akalandire pasanathe masabata awiri. Sanapite. Ndalama ya thiransipoti ya anthu awiri inali yofanana ndi zimene amapeza pa sabata yathunthu, inali nyengo yotsegulira sukulu pamene telala amapeza ndalama ya chaka, ndiponso mnzawo wina anawauza kuti laser imawotcha diso munthu n'kuchitiratu khungu. Apa ndinaperewera. Ndinathera mphamvu zanga pa impso ndi mankhwala, ndipo za laser ndinangonena kuti ndi yofunika. Sindinawauze momveka kuti laser sibweza kuona kumene kwatayika, kuti imachepetsako kuona kwa m'mbali ndi kwa usiku, koma kuti kuyambira pa zotsatira za Diabetic Retinopathy Study ku America mu 1976 tikudziwa kuti imachepetsa ndi theka kapena kuposerapo chiopsezo cha khungu m'diso longa lawoli. Munthu amene wamva zoipa za laser kwa mnzake, osamva kwa ife, amakhulupirira mnzakeyo.

Sabata yachisanu ndi chiwiri anadzuka m'mawa diso lamanzere likuona ngati utsi wakuda ukuyendayenda, ndipo pofika masana linkangozindikira dzanja likamagwedezeka. Magazi anali atakhuthukira mu vitreous, madzi okhuthala odzaza m'kati mwa diso. Anayamba apita kuchipatala chaching'ono chapafupi, kumene anauzidwa kuti asiye aspirin chifukwa ndi amene wachititsa. Izi ndinazidziwa mwamwayi, mayi atatulutsa kapepala ka mapiritsi kosatsegula. Ganizo la mnzanga wa kuchipatala chaching'onocho ndi lomveka, koma umboni sukugwirizana nalo. Mu kafukufuku wa ETDRS, wa anthu 3,711, aspirin 650 mg pa tsiku sanaonjezere kukha magazi mu vitreous. Retinopathy si chifukwa chomanira aspirin munthu amene mtima kapena miyendo yake ikumufuna. Tinayambiranso tsiku lomwelo.

Ulendo uno anapita, mpingo wawo utasonkha ya thiransipoti. B-scan, ultrasound ya diso, inaonetsa kuti retina yamanzere ikadali pamalo pake. Diso lamanja, limene masabata asanu ndi atatu m'mbuyomo linalibe timitsempha tatsopano, tsopano linali nato chakumtunda. Analiwotcha panretinal laser, ya m'mbali monse mwa retina, maulendo awiri. Lamanzere anadikira kuti magazi adikhe, akugona mutu uli pamwamba, ndipo patatha miyezi itatu anatha kuwotcha mbali zimene zinkaoneka. Koma zipsera zinali zitayamba kale kukoka retina.

Kwa miyezi ingapo zinthu zinayenda. BP inkakhala pafupi ndi 140/85. Chimene chinandichititsa chidwi n'chakuti miyendo itaphwa ndi furosemide, thupi litatsika ndi makilogalamu anayi, macula ya diso lamanja, imene inali itatupa laser itachitika, inaphwanso, ndipo kuona kunabwerera kuchoka pa 6/24 kufika pa 6/18 popanda kukhudza diso. Madzi amene ali m'akakolo ndi omwewo amene ali mu macula. Kuyambira pamenepo, ndikaona macula yotupa m'maso onse awiri ndimayamba ndadinikiza mwendo.

Mwezi wa 11 anapita kumudzi kumaliro a mchimwene wawo, n'kukhalako masabata atatu. Insulin anatenga, ma ARV anatenga, koma mapiritsi a BP anatha sabata yoyamba. Kwa iwo, monga kwa odwala athu ambiri, shuga ndi kachilombo ndiwo anali matenda. BP inali yongoperekeza. Atabwerako anadzuka m'mawa wina dzanja lamanja lili lende, pakamwa patapotoka, mawu osamveka. BP inali 196/110, shuga 164. CT kuchipatala chachikulu inaonetsa sitiroko yaing'ono ya kutsekeka kwa mtsempha, osati kuphulika.

Mu 1998 kafukufuku wa UKPDS ku Britain anaonetsa kuti odwala shuga amene BP yawo inasungidwa pa 144/82 poyerekeza ndi 154/87 anachepetsa sitiroko ndi 44 peresenti, ndipo kukula kwa retinopathy ndi 34 peresenti. Kusiyana kwa manambala khumi okha. Mapiritsi a amlodipine ndi enalapril anali mankhwala a diso, a impso ndi a ubongo nthawi imodzi, ndipo ife atatu amene tinkawasamalira palibe amene anawauza zimenezi m'mawu oti akanawakumbukira polongedza chikwama cha kumaliro.

Sitirokoyo inasinthanso dongosolo la diso. Macula yamanja inali itayambanso kutupa, ndipo dokotala wa maso anali atakonza jakisoni wa bevacizumab m'diso. Mankhwala otsekereza VEGF ngati amenewa amalowako pang'ono m'magazi, ndipo ambiri amawapewa miyezi yoyambirira sitiroko itangochitika. Mwa munthu wa impso zotaya protein palinso chifukwa chosamalira, popeza glomerulus imadalira VEGF. Jakisoniyo anaimitsidwa, m'malo mwake anachita focal laser ndipo ife tinakweza furosemide. Diso lamanzere linkafuna opaleshoni ya vitrectomy, yochotsa vitreous ndi zipsera, chifukwa zipsera zinali zitakoka macula. Poyeza mtengo wake, ulendo wake, thupi limene langodwala sitiroko ndi mwayi wochepa woti kuona kubwerere, banjali ndi dokotalayo anagwirizana kuti asachite.

Dzanja linabwerera mphamvu pang'onopang'ono ndi mafizo. Mwezi wa 14 kunatuluka chilonda pansi pa chala chachikulu cha phazi lamanzere, pomwe chimagunda chopalasira makina. Iwo sanachimve, ndipo sakanachiona. Anachiona ndi mayi, amene tinawaphunzitsa kuyang'ana mapazi madzulo alionse. Chifukwa chinapezeka chikadali chaching'ono, chinapola m'masabata asanu ndi anayi ndi kutsuka, kuchotsa chikopa chakufa ndi kusaponda. Ululu tinkauthetsa ndi panado yekha.

Pamene afika lero

Pa mwezi wa 20 diso lamanja likuona 6/18, timitsempha tatsopano tinafota, ndipo macula ndi youma. Lamanzere limangowerenga zala pa mita imodzi, ndipo silidzabwerera. Ndimaliyang'anabe iris ndi mphamvu ya madzi ulendo uliwonse, poopa glaucoma ya timitsempha tatsopano. BP ili pa 138/82. Creatinine wafika pa 3.1, eGFR pafupifupi 22, potassium 5.1, haemoglobin 9.8 atalandira iron. HbA1c, yoonetsa momwe shuga wakhalira m'miyezi iwiri kapena itatu yapitayo, inatuluka 7.9 peresenti, koma mwa munthu wa magazi ochepa ndi impso zofooka nambala imeneyi sindiidalira kwambiri. Ndimakhulupirira kope limene mayi amalembamo shuga wa m'mawa. Insulin tachepetsa kale kamodzi, ndipo tidzachepetsanso impso zikamatsika.

Impso zikupitirira kutsika, ngakhale pang'onopang'ono. Nkhani ya dialysis, kusefa magazi ndi makina, tayamba kuikamba poyera, kuti isadzawadzidzimutse. Akudziwa kuti makina a boma ali ku Queens ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe, kuti munthu amafunika kupitako kangapo pa sabata, ndipo kuti zimenezi zingatanthauze kusamuka. Sanasankhebe. Pakadali pano tinalemba pachikuto cha buku lawo kuti dzanja lamanzere lisabayidwe kanula kapena kutengedwa magazi, kuti mitsempha yake isungike ngati fistula, polumikizira makina a dialysis, idzafunike, ndiponso kuti asapatsidwe diclofenac, brufen, gentamicin, metformin kapena tenofovir.

Kuchipinda chathu cha maso tinasinthako zinthu zochepa zimene sizinafune bajeti. Makina a BP ndi botolo la timapepala toyezera mkodzo tsopano zili patebulo langa, pafupi ndi tropicamide. Aliyense wa shuga amadonthezedwa, ngakhale wabwerera magalasi owerengera kapena diso loyabwa. Amene ndamupeza ndi retinopathy yoposa ma microaneurysm ochepa satuluka asanayezedwe BP ndi mkodzo, asanavule nsapato, ndipo asanafunsidwe ngati amamwa mapiritsi a ululu. Anzanga a ku NCD nawo amanditumizira aliyense wa protein mumkodzo sabata yomweyo, ndipo a ku ART akapeza wa shuga amayang'ana mlingo wa metformin ndi tsiku limene creatinine anayezedwa komaliza. Timapepala ta mkodzo timatha, ndipo tikatha ndimakapempha ku antenatal.

Bambowa anabwerera pakhonde paja. Kupalasa makina anasiya. Amayeza, amalemba ndi choko choyera pansalu atayandikitsa diso lamanja, amadula, ndipo mwana wa mlongo wawo ndi amene amasoka. Ulendo wapitawu anabwera ndi mlongo wawoyo, mayi wa zaka 49 amene wakhala ndi shuga zaka zisanu ndi chimodzi ndipo akuti maso ake alibe vuto lililonse. "Adokotala, awa ndi achemwali anga. Muwaone kumbuyo kuja munandiona ine." Ndinawadontheza tropicamide, n'kuwapatsa kabotolo ka mkodzo kuti akadzaze podikira.